Apongozi pa Chikuku

Ndisanapite kunja ndinkapalasa kabaza pa Bangula. Anthu ankakhala kumbuyo kwanga, ine patsogolo thukuta lili kamukamu. Nditafika kwa Aluya zinthu zinangotembenuka: anthu patsogolo, ine kumbuyo. Ntchito yanga inali yokankha chikuku, mpando wa matayala uja, pa bwalo la ndege lalikulu moti tsiku loyamba ndinkayesa ndi mzinda umene aufolera denga limodzi. Okalamba, odwala, a miyendo yotupa, ndi ena oti miyendo ili bwinobwino koma ulesi basi, onsewo ankadutsa m'manja mwanga kuchoka pakhomo la ndege ina kukafika pakhomo la inzake.

Kwathu kwenikweni ndi kwa Chapananga, kouma kuja, kwa mbuzi ndi mapira. Koma ndinakwatira m'mphepete mwa dambo la Elephant Marsh, n'kukakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga Feliya. Tinali ndi dimba lathu, kanyumba ka zidina zosawotcha, ndi mwana mmodzi, Tiyamike. Chaka china madzi anasefukira n'kutenga nyumba, dimba, ndi njinga yomwe. Tinadya nyika, timizu ta zomera za m'dambo tija, mpaka kukamwa kuwawa. Ndiye pamene ndinamva zoti ku Blantyre kuli munthu akulemba anyamata opita kwa Aluya, sindinaganize kawiri. Feliya anandiperekeza mpaka pa minibasi, Tiyamike ali kumbuyo akuyamwa chala. Ndinamuuza kuti ndikangogula malata ndibwera.

Apongozi anga, mayi ake a Feliya, sanandiperekeze, ndipo sizikanatheka. Ana a masiku ano amaseka zimenezi, koma iwo anali munthu wakale weniweni. Ine ndi iwo sitinkayang'anana kumaso, sitinkakhala mkeka umodzi, sitinkadyerana pafupi. Tikakumana panjira, mmodzi ankalowa m'chimanga. Mawu akakhalapo ankadzera mwa mwana, ngakhale onse tili pabwalo pomwepo tikumvana. Zaka zonse zimene ndinakhala pamudzi paja, ndinkawadziwa apongozi ndi mawu, zidendene ndi mitundu ya zitenje zawo. Nkhope ndinkangoiganizira.

Ndipo ndinkakhulupirira kuti sankandifuna. Tsiku lina ndili kuseri kwa nkhokwe ndinawamva akuuza mnzawo kuti mwana wawo anakwatiwa ndi wakabaza wa kumtunda wosadziwa ndi kupalasa bwato komwe. Anaseka onse awiri. Mwina kunali kucheza chabe, koma ine mawu amenewo ndinawolokera nawo nyanja.

Kwa Aluya tinkagona ku kampu, kunja kwa mzinda, m'zipinda za mabedi osanjikizana. Munali anyamata a ku Nepal, a ku Uganda, a ku Bangladesh, aliyense ndi fungo la ndiwo zakwawo. Kutentha kwake anzanga ankalira nako, ena mpaka kukomoka podikira basi. Ine ndinkangoti uku ndi ku Nsanje kopanda udzudzu. Chimene chinandivuta ndi kuzizira kwa m'kati mwa bwalo la ndege, kochita kupanga ndi makina. Munthu wa kuchigwa kuvala juzi dzuwa lili pamutu, ndinkadziseka ndekha.

Ku kampu komweko ndinapeza Zuze, Msena wa ku Marka, wamfupi, wokonda kuseka anthu. Ndinamudziwa chifukwa cha mmene ankatukwanira mphika utapsereza. Kuyambira tsiku limenelo tinali anthu amodzi. Wina akalandira kamlamba kowamba kuchokera kumudzi, tinkakadula pakati n'kusunga mutu wa mawa. Iye ankagwira ntchito mu launji, chipinda chimene amapumuliramo anthu a matikiti odula, kochotsa mbale ndi kupukuta matebulo. Ankandiuza kuti m'menemo munthu amaluma nyama kamodzi n'kuisiya, ndipo iye amaitaya mtima ukuwawa, chifukwa kudya zotsalazo kunali kuchotsedwa ntchito.

Bwalo lija ndinalidziwa movutikira. Linali ndi nyumba zikuluzikulu zingapo, zolumikizidwa ndi kasitima koyenda kokha popanda woyendetsa. Zipata zokwerera ndege zinali ndi chilembo ndi nambala, ndipo ukaphonya chikepe chimodzi umatulukira kwina kosayembekezeka. Sabata yoyamba ndinazungulira ndi gogo wina wachizungu, n'kumangofika pa sitolo yomweyomweyo ya mafuta onunkhira. Kachitatu gogoyo anakweza ndodo yake n'kuyamba kundilozera njira, ine wantchito kumangoti inde. Koma patapita nthawi mapazi anaphunzira okha. Ndinadziwa chikepe chimene sichidzaza, njira yachidule ya kuseri kwa malo odyera, zipata zimene ndege zake zimaima kutali moti anthu amapita pa basi, ndi chimbudzi chimene chikuku chimalowa osagunda chitseko. Mataxi ndi sitima zopita mumzinda ndinkalozera anthu bwinobwino, ngakhale ine mwini mzindawo ndinkangouonera pawindo la basi ya kampani.

Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi. Mudzi wathu unasamukira kumtunda kuthawa madzi, ndiye panafunika njerwa, kenako malata, kenako simenti. Kontirakiti ikatha ankatifunsa ngati tikufuna tchuthi kapena kupitiriza, ndipo nthawi zonse kumudzi kunkakhala china chodikira: chitseko, mbewu, yunifolomu ya Tiyamike. Ndinkasaina n'kuuza Feliya kuti chaka chamawa. Iye ankayankha kuti chabwino, ndipo ine ndinkayesa kuti n'chabwinodi.

Kenako mafoni ake anayamba kufupika. Ndikaimba ankandiuza za mbuzi ndi mitengo ya feteleza, n'kupereka foni kwa mwana. Tsiku lina malume ake a Feliya, amene anali nkhoswe ya ukwati wathu, anandiimbira okha. Anazungulirazungulira, za mvula, za matenda a ng'ombe, kenako anati kubanjako kwakambidwa zoti mwana wawo sangakalambe akudikira, ndipo mwina ndi bwino amasulidwe. Anati akumana ndi akwathu akatha kukolola. Foni itadulidwa ndinakhala pabedi nsapato zili kumapazi, osadziwa kuti ndivule kapena ndituluke. Ndinalibe chikaiko kuti mwini nkhaniyo ndi apongozi. Zuze anandiyang'ana n'kunena kuti, “Shamwali, nyumba wamanga, koma alowamo ndi ena.” Ankaseka, koma maso ake sankaseka.

Pasanapite nthawi yaitali Feliya anandiuza kuti mayi ake akudwala m'mimba, matenda oti madokotala a kwathu agwira njakata. Dzina lawo linatuluka pa gulu la odwala otumizidwa ku India, ndipo ndege yawo idzasinthira pa bwalo lathu lomwelo. Adzatera m'mawa n'kunyamukanso madzulo. Ndinamva chisoni, sindinama, koma ndinaonanso mwayi. Ndinaganiza kuti munthu amene akupasula banja langa adzakhala m'manja mwanga tsiku lathunthu, ndipo ndikapanda kuwapempha tsiku limenelo, basi kwatha. Ndinachonderera wogawa ntchito kuti ndege imeneyo andipatse ine. Chimene sindinachiganizire n'chakuti munthu umapempha bwanji kwa munthu amene sulankhula naye.

M'mawa wa tsikulo ndinaima pakhomo la ndege ndi chikuku changa, pamodzi ndi anzanga ena. Anthu anatuluka, anatuluka, mpaka kumapeto ndinaona chitenje cha mpingo wa kwathu chikubwera pang'onopang'ono, atawagwira mkono namwino. Anali apongozi. Ndinanjuta pomwepo m'kanjira kopapatiza kaja, maso pansi, n'kuwomba m'manja mwakachetechete. Oyendetsa ndege ankadutsa ndi zikwama zawo akundilambalala. Apongozi anakokera mpango kumaso n'kutembenukira kukhoma.

“Anamwino, awuzeni bambo a Tiyamike kuti tawaona,” anatero.

Namwinoyo anali mayi wa m'tauni, wotopa, ali ndi odwala angapo yekha. Atamva kuti ndine mkamwini wawo anangoti Mulungu ndi wabwino. Wodwala wina anali atafooka kwambiri m'ndege, ndipo anafunika kupita naye ku kachipatala ka pabwalopo. Anandipatsa pasipoti ya apongozi ndi kapepala ka mankhwala, n'kundiuza kuti mayiwa sanalawe kanthu chichokere ku Blantyre, ndipo mankhwalawo samwera m'mimba mopanda kanthu. Anati tikakumane pachipata madzulo. Ndisanatsegule pakamwa anali atakwera kale kangolo kamagetsi ndi odwala enawo, n'kutisiya awiriwiri.

Vuto loyamba linali mapazi. Munthu akakhala pachikuku, wokankha amagwada kutsogolo kwake n'kumuika mapazi pa zopondera. Ndinali nditagwira mapazi a anthu a mitundu yonse, koma awa ayi. Ndinakodola mnzanga wina wamkazi wa ku Uganda, Nakato, n'kumunong'oneza kuti andithandize. Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu, koma anagwada n'kuwakonza bwinobwino, mpaka kuwafunditsa kabulangete. Apongozi anasangalala kuti apeza mwana womutuma. Anayamba kumuuza Nakato m'Chimang'anja kuti awauze bambo a Tiyamike kuti kumudzi onse ali bwino, mbuzi yaikazi ija inaswa awiri, ndipo denga silikudontha. Nakato sankamva ngakhale liwu limodzi, ankangomwetulira n'kumagwedeza mutu. Ine kumbuyo ndinkayankha kuti awauze kuti tathokoza.

Ndi pamene ndinazindikira kuti chikuku anachipanga munthu wodziwa mwambo. Iwo kutsogolo, ine kumbuyo, palibe woona nkhope ya mnzake. Tinayenda choncho mpaka pa chipikisheni, pamene Nakato anawathandiza kuimirira kuti apolisi aakazi awafufuze. Titangodutsa, foni yake ya ntchito inalira, akumuitana ku ndege ina. Anatisiya.

Tinayenda kamtunda ndithu tilibe womutuma. Kenako ndinamva apongozi akulankhula ndi kachikwama kawo ka pamiyendo. Anati chikuku ichi chikuthamanga ngati chaba. Ndinachepetsa liwiro, n'kuyankha m'malere kuti chikuku chamva. Kuyambira pamenepo tinapeza njira. Ankafunsa kachikwamako ngati dziko lino lili ndi dothi, popeza chitsikire ndege sanaone ngakhale fumbi. Anafunsa kuti masitepe oyenda okhawo akawonongeka anthu amagona pompo kapena. Tikudutsa pa masitolo a golide ndi mawotchi anati anthu a kuno ayenera kuti alibe achibale. Ndinaseka, iwonso mapewa anagwedezeka.

Ndege ya ku India inkanyamukira nyumba ina, choncho tinakwera kasitima kaja. Ndinaimika chikuku pamalo pake moyang'ana kuwindo n'kumanga mabuleki. Kasitima katalowa mumdima wa pansi, galasi linasanduka kalilole. Ndinakweza maso mosadziwa, ndipo ndinawaona. Nkhope yaing'ono, masaya olowa, maso a Feliya enieni. Iwonso anali akundiyang'ana m'galasimo. Tonse tinagwetsa maso nthawi imodzi. Ndinagwidwa ndi chisoni chimene sindinachiyembekezere, chifukwa munthu amene ndinkamuopa zaka zonsezo anali kamayi kotha thupi, kogwira chikwama ndi manja awiri.

Titatsika anafunsa kachikwama kuti kodi anthu okankhawa amakhala pansi nthawi yanji. Ndinayankha kuti mipando iyi ndi ya apaulendo, ife sitiloledwa.

Kumalo odyera ndinazungulira nawo paliponse. Nkhuku yokazinga anati fungo lake likuwadzutsa mseru. Buledi wa masamba aawisi m'kati anati si mbuzi iwo. Mpunga wa Amwenye unali ndi tsabola woti ngakhale ine wabwinobwino ndinkalira naye. Nthawi inkapita, mankhwala ali m'thumba langa, ndipo mutu wawo unayamba kuwezukira kumbali. Mantha anandigwira. Ndinaimbira Zuze.

Zuze anati tibwere kuseri kwa launji, pa kakhomo ka antchito. Anatuluka ndi kapu yaikulu ya pepala yovindikira, ndi supuni. Anati anapempha kwa wophika wamkulu, n'kumuuza kuti mayi ake akudwala panja, ndipo wophikayo sanafunse zambiri. M'kapumo munali phala la mpunga. Linali la mabwana a ku China, amene amalidya m'mawa mu launjimo, koma linali phala lomwelija limene amayi a kwathu amaphikira wodwala. Zuze anagwada patsogolo pa chikuku mopanda manyazi, popeza iye sanali mkamwini wa munthu, n'kuwalonjera m'Chisena. Apongozi anatsitsimuka kumva chilankhulo cha kuchigwa pakati pa magalasi onsewo. Anafunsana za midzi, n'kupezeka kuti amadziwa munthu mmodzi wogulitsa mchere. Atalandira kapu anathokoza m'Chisena kuti, “Takhuta, mwananga.” Zuze anathamangira ku ntchito yake.

Ndinawapititsa pa ngodya ina yachete, pawindo lalikulu loyang'ana kumene ndege zimaima. Kapu anaigwira, koma osatsegula. Ndinadziwa chifukwa chake. Sakanadya ine ndili chiimire pamutu pawo. Ndinamanga mabuleki n'kupita kukaima kuseri kwa chipilala, patali pang'ono, pamene ndinkangoona nsonga ya tayala.

Lamulo lalikulu la ntchito yathu linali loti wapaulendo sasiyidwa yekha. Dzanja lako lisachoke pa chikuku, ndipo ena anabwezedwa kwawo chifukwa cha zomwezo. Mwatsoka kapitawo wathu, Mmwenye wa ndevu zaimvi amene sankaseka ndi munthu, anatulukira pomwepo. Anaona gogo wodwala ali yekha pawindo, wantchito atabisala kuseri kwa chipilala ngati wakuba nkhuku. Anandiitana ndi chala. Anati ndimupatse khadi langa la ntchito, ndipo aitana munthu wina adzatenge wapaulendoyu.

Ntchito ndinaiganizira, koma kwambiri ndinaganiza zoti apongozi apita ndisananene mawu anga. Ndinasonkhanitsa Chingerezi changa chonse n'kumufotokozera kuti awa ndi mayi a mkazi wanga, kwathu sindiloledwa kuwaona akudya, ndipo akapanda kudya samwa mankhwala. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati kwawo, kumudzi kwa bambo ake, mkazi wake mpaka lero amaphimba nkhope bambowo akalowa m'nyumba. Anandibwezera khadi n'kunena kuti dzanja likhale pa chikuku, maso ndipite nawo kumene ndikufuna.

Ndinabwerera n'kuima chofulatira, msana wanga ku msana wawo, dzanja limodzi kumbuyo litagwira chogwirira. Ine ndinkayang'ana anthu odutsa ndi zikwama zawo, iwo ankayang'ana ndege. Patapita kanthawi ndinamva chivindikiro chikutseguka, kenako supuni ikukanda pepala. Sindinamvepo phokoso lokoma ngati limenelo. Atatha ndinapereka mankhwala ndi botolo la madzi chakumbuyo, iwo n'kulandira.

Ndinaona kuti nthawi yanga ndi imeneyi. Mawu ndinali nditawakonza masiku ambiri pa basi ya kampani, koma onse anabalalika. Ndinangoyamba kuuza m'malere kuti pali munthu wina amene akupempha kuti nkhani ya kwa malume ija iyambe yaima, popeza munthuyo sanalakwire aliyense, ndipo mwana wa eni ake amamukonda.

“Bambo a Tiyamike,” anandidula. Sanalankhule ndi kachikwama. “Lero ndinena ndi inu nomwe, pakuti pano palibe mwana womutuma, ndipo masiku anga sindikuwadziwa. Inu mukuyesa ndine ndikupasula banja lanu?”

Anapitiriza osadikira yankho langa.

“Feliya adamanga katundu wanu kuti akatule kwa Chapananga. Ndine ndidakhala pakhomo n'kumasula mtolowo. Adamanganso chaka chinacho, ndidamasulanso. Kwa malume ake adapita yekha, ine ndili gone ndi matendawa. Mwamuna wina palibe, musadzivute ndi zimenezo. Watopa basi. Akuti adakwatiwa ndi foni.”

Anapuma kaye, mpweya ukuvuta. Kunja ndege ina inkakokedwa chobwerera m'mbuyo.

“Tsono ine ndi uyu ndikupita kukang'ambidwa kwa eni ake. Ndikapanda kubwerako, pakhomo paja palibenso wokhalapo.”

Manyazi amene ndinamva sindingathe kuwafotokoza bwino. Zaka zonsezo ndinkadana ndi munthu amene ankandisungira malo. Ndinamvanso mantha, chifukwa ndinazindikira kuti banja langa latsamira pa mayi wodwala amene ndikumukankhira ku ndege. Misozi inatsika, ndipo ndinayamika kuti tafulatirana. Ndinayesa kunena za kontirakiti, kuti yatsala pang'ono, kuti pakhonde sipanaikidwe simenti.

“Zimenezo ndi za inu ndi mabwana anu,” anatero. “Nyumba idatha kalekale. Chikusowa ndi munthu wokhalamo.”

Sitinalankhulenso za nkhaniyo. Anagona pang'ono pachikuku pomwepo, ine chiimire, dzanja kumbuyo. Dzuwa litapendeka ndinawapititsa kuchipata, kumene tinapeza namwino uja ndi odwala anzawo. Ndege yawo inali yoima kutali, choncho ife a zikuku tinakwera galimoto yapadera imene imanyamuka yonse m'mwamba mpaka kufika pakhomo la ndege. Kutentha kwa panja kutawawomba, apongozi anauza namwino kuti koma tsopano afika kwa anthu. Pakhomo paja atsikana a m'ndege anawagwira mikono n'kuwaimiritsa. Anakonza mpango wawo, nkhope kukhoma monga mwa masiku onse.

“Anamwino, awuzeni bambo a Tiyamike kuti aonda. Azidya.”

Analowa. Ine ndinatsika ndi chikuku chopanda munthu.

Ku kampu ndinamufotokozera Zuze zonse. Sanaseke. Anati iye mkazi wake anachoka kalekale, ndipo analibe womukhalira pakhomo, nanga ine ndikudikira chiyani. M'mawa mwake ndinapita kwa kapitawo uja kukanena kuti sindisainanso. Anangogwedeza mutu ngati ankadziwa kale. Mapepala anatenga miyezi, chifukwa kwa Aluya kulowa n'kosavuta kusiyana ndi kutuluka. Feliya ndinamuuza pafoni kuti ndikubwera, iye anangoti wamva. Sindinamuimbe mlandu, mawu amenewo anali atawamva kambirimbiri. Za apongozi ndinkamva kuti opaleshoni yachitika, kenako kuti akuchira pang'onopang'ono, kenako kuti abwerera kudzera njira ina.

Tsiku lochoka Zuze anandiperekeza mpaka pamene antchito amalekezera. Anandipatsa sopo ndi nsalu kuti ndikapereke kwa mlongo wake ku Marka, n'kundiuza kuti ndikadye mlamba wathunthu m'malo mwake, mutu womwe. Anatembenuka msanga. Mpaka lero akadali komweko, akupukuta matebulo.

Ndinatera ku Blantyre n'kukwera minibasi yotsikira kuchigwa. Titayamba kutsetsereka mapiri aja, Shire akuoneka pansi, mpweya wotentha unalowa pawindo ndipo ndinavula juzi. Mudzi watsopano sindinkaudziwa. Ndinachita kufunsa ana panjira kuti kwa Feliya ndi kuti, ndipo anandilozera nyumba imene ndinkaidziwa pa zithunzi za pafoni zokha. Inali yaing'ono kusiyana ndi mmene ndinkaionera, koma yabwino. Mtsikana wamtali anatuluka, n'kugwada patali, kundipatsa moni wa alendo. Anali Tiyamike. Anandiyalira mkeka pansi pa mtengo n'kupita kukaitana mayi ake kudimba. Chikwama changa chinatsala pabwalo, pamene wakabaza amene anandibweretsa anachitsitsira.

Pakhonde la nyumba yoyandikana nayo panakhala munthu atafunda chitenje, woonda, ndodo ili pambali. Atamva mawu anga anadzikoka pang'onopang'ono n'kutembenukira kukhoma. Ndinawomba m'manja chapansipansi, iwonso anawomba.

Feliya anafika khasu lili paphewa, matope mpaka m'maondo. Anali atasintha, nkhope itakhwima, ndipo ndikhulupirira kuti nayenso anaona zomwezo pa ine. Sanathamange, sanamwetulire. Anatsamiritsa khasu pamtengo, anasamba m'manja, n'kudzakhala kumapeto kwa mkeka. Tinapatsana moni ngati anthu a mpingo umodzi. Anafunsa za ulendo, ndinati unali bwino. Kenako anayang'ana chikwama chija pabwalo.

“Mwabwera kudzationa, kapena mwabwera?”

“Ndabwera.”

Anayamba kuchotsa matope ouma pachala. Ine ndinkadziwa kuti pano palibe apongozi kapena malume amene angandiyankhire. Kenako anaimirira, anapita pa chikwama chija, n'kuchiyesa kulemera. Ndinadzuka kuti ndimuthandize, koma anandikaniza ndi dzanja. Anachisenza yekha pamutu, anawerama pakhomo, ndipo ndinamuona akudutsa pabalaza osaima, mpaka kukalowa nacho kuchipinda.